Azakhali atipeza ndi madayisi

Nthawi yadutsa 11 koloko usiku, kunja kukuwaza kamvula kathu ka ku Mzuzu kosadziwika ngati ndi mvula kapena nkhungu, koma tulo sitikubwera. Andisowetsa tulo ndi azakhali.

Madzulo ano tinakumana anayi kunyumba kwanga kuno ku Chibavi kuti tiyese Shadowdark, masewero osimba nthano uku mukuponya madayisi. Buku lenileni tilibe. Tili ndi timabuku take toyambira taulere, timene ndinakopera pa intaneti n'kukasindikiza m'tauni, masamba ena akuda bii ngati anagwera m'thumba la makala. Analemba ndi Kelsey Dionne, ndipo mu 2024 linatenga mphoto zingapo za ENNIE, zimene zimaperekedwa kwa masewero otere, koma ine chinandikopa ndi lamulo la muuni. Anthu anu a m'nthano akalowa m'phanga n'kuyatsa muuni, umayaka ola limodzi lenileni la pa wotchi. Ola likakwana ndi mdima, kaya muli pakati pa nkhondo. Ndiye magetsi atazima tinangoyatsa kandulo yotsalira, n'kugwirizana kuti ikatha, muuni watha.

Apo m'pamene azakhali anatulukira. Abwera Lachitatu kuchokera ku Kasungu, ndipo ndinkayesa achedwa kumsika. Anaima pakhomo, chitenje chonyowa kumutu, n'kutiyang'ana: amuna anayi tazungulira kandulo, pepala lojambulidwa mizere pakati, timiyala ta manambala tili mbwee.

"Iwe, mwayamba juga m'nyumba muno?"

"Iyayi azakhali, ndi masewero chabe. Palibe ndalama."

"Ngati palibe ndalama ndiye mukuombeza."

Anatola dayisi lalikulu lija, n'kulitembenuza pafupi ndi lawi, milomo ikuwerenga. Ndinawauza kuti mbali zake ndi 20. Mnzanga wa ku Luwinga, amene pakamwa sipamugona, anaganiza zothandiza powaonetsa pa foni chikuto cha Monster Manual yatsopano, buku la zilombo za m'masewero ena otere: chimutu choyandama, chidiso chimodzi pakati, timaso tina pansonga za timichira. Azakhali anangoti "Mayo ine," n'kubwerera pang'ono.

Ndinatsala pang'ono kuwauza kuti mantha amenewa si achilendo. Dungeons & Dragons, masewero a buku la zilombo lija, inatuluka mu 1974, ndipo m'zaka za m'ma 1980 makolo ndi azibusa ambiri ku America ankainena kuti ndi ya satana. Ndinadziletsa, chifukwa ndikuwadziwa, akanati, "Waona, ngakhale eni akewo anaziona."

M'malo mwake ndinafotokoza mwachidule. Ine ndimasimba nkhani, awa aliyense ali ndi munthu wake m'nkhanimo, akafuna kuchita chinthu chovuta amaponya dayisi, nambala ndiyo imagamula. Anakhala pa mpando osavula n'chitenje chomwe, kumvetsera mphindi khumi mwina. Kenako anati:

"Ndiye ndi padangokhala basi. Kungoti a tilitonse akowa ndi olongolola."

Tinaseka mpaka kandulo kufuna kuzima. Ndipo anafuna kusewera nawo. Ndinawapatsa msilikali, anakana. Wansembe, anakana. "Ine ndikhala Kalulu." M'mapepalamo mulibe Kalulu, ndiye ndinatenga pepala la mbala n'kulemba dzinalo pamwamba. Anyamatawa anali atatha theka la muuni akukangana momwe angaphere chimphona cholondera khomo. Kalulu anangofika n'kukuwa kuti denga la phanga likugwa, chimphona chigwirize msanga iye akatenge mzati. Anaponya dayisi ngati akuwaza mbewu, linagwera pansi pa tebulo, tinalifuna ndi tochi ya foni. 17. Chimphonacho mpaka pano chikanagwirizabe denga.

Zinasokonekera pamene anafunsa mtengo. Ndinawauza zoona: mabuku atatu atsopano a Dungeons & Dragons, Player's Handbook ya Seputembala 2024, Dungeon Master's Guide ya Novembala, ndi Monster Manual ya Febuluwale 2025, lililonse linali pafupifupi madola 50, osawerengera yotumizira. Ndinasintha mu makwacha pa foni n'kuwaonetsa. Anakhala chete, ndipo ndinadziwa kuti akuwerengera matumba a feteleza.

"Kugula nthano? Agogo ako ankatipatsa ulere, ndi mbatata yootcha pamwamba."

Zinandipweteka, sindinama. Miyezi yonseyi ndakhala ndikumaliza mabandulo kuonera anthu akutsegula Daggerheart, masewero ena otere amene a Darrington Press anatulutsa mu Meyi 2025. Umaponya madayisi awiri a mbali 12, lina la chiyembekezo, lina la mantha, ndipo ukhoza kupambana koma mantha n'kukula, zinthu n'kukuipirabe. Ndimaifuna mpaka pano, ndipo sindichita nazo manyazi. Koma wina wa ku Zolozolo kapena Mchengautuwa atandifunsa poyambira, sindingamutumize kumeneko. Ndingati atenge timabuku taulere ta Shadowdark, kapena Mausritter, imene umasewera ngati mbewa yonyamula singano m'malo mwa lupanga. Tinaiyesa mwezi watha, ngakhale mlamu wanga anaiwononga pofunsa mphindi iliyonse ngati mbewazo zili zowamba kale. Malamulo oyambira a Dungeons & Dragons nawonso ali pa intaneti osalipira, kungoti ndi ambiri, fotokope yake ikudya ndalama ya ndiwo za sabata.

Koma si za ndalama zimene zandigoneka maso. Anyamata atapita, tikudya nsima, azakhali anafunsa kuti m'buku la chidiso lija muli zilombo zingati. Ndinati zoposa 500.

"Napolo alimo?"

Mulibe. Ndinayamba kunena za Nyambe, buku la mu 2002 limene linatengera nthano za ku Africa, koma mawu anandithera pakamwa, chifukwa nanenso sindinaligwirepo, ndipo funso lawo silinali limenelo. Zaka zonsezi ndimatsogolera anzanga m'mapanga a chipale chofewa, pamene Viphya ili apa ndi nkhungu yake, ndipo sindinaganizepo zoikamo ngakhale fisi mmodzi.

Ndatsegula kope kuti ndilembe Napolo. Ndafika pa mzere wa mphamvu zake, kuti amenyedwe kangati asanafe. Ndinakagogoda kuchipinda kwawo kukafunsa. Anayankha ali m'bulangete kuti Napolo saphedwa, akamasamuka m'phiri munthu umangothawa, ndipo ndisiye kuwadzutsa ndi zopusa.

Mzerewo ukadali wopanda kanthu. Dayisi la mbali 20 nalonso sindikuliona, ndipo ndikukayikira mfundo ya pa chitenje chawo. Anati Loweruka Kalulu abweranso.