Pomwe ndinaika risiva ndi pomwe panandigwetsera ndege

Loweruka lapitali ndinakatola ndege yanga yoyendetsa ndi rimoti m'munda wa chimanga wa eni ake, mphuno itatswanyika, ana akundilondola pambuyo ngati ndasenza nyama. Palibe woti ndimuloze chala. Ndinalakwitsa ndekha, patebulo, sabata imodzi ndegeyo isanauluke.

Ndi kandege ka foam, mapiko ake mita 1.2, koyendera batire ya LiPo ya 3S 2200mAh. Rimoti yanga ndi FlySky FS-i6, risiva yake (kachipangizo kokhala m'ndege kolandira uthenga wa rimoti) FS-iA6B. Pomanga ndinayamba ndi mota, kenako ESC (kachipangizo kowongolera liwiro la mota), masevo (timamota tosuntha zowongolera ndege), batire. Risiva inabwera pomaliza, ndiye ndinangoikankhira pomwe panatsala mpata, kunsi kwa batire, maeriyelo ake onse awiri atagona limodzi motsatira ndodo ya carbon yolimbitsa thupi la ndege. Zinkaoneka zaudongo ndithu.

Koma onani. Pa waya wa eriyelo, gawo lomwe limamva ndi kansonga kokha, pafupifupi mamilimita 31, muyeso wogwirizana ndi mafunde a 2.4GHz. Kwinako ndi njira chabe yopititsira uthenga ku risiva. Kansongako kamamva bwino cham'mbali, koma kakaloza kumene kuli rimoti kamakhala ngati gonthi. Ichi n'chifukwa chake amaika awiri, kuti wina akagontha mnzake amve. Ine ndinawalozetsa kumodzi, n'kuwabisanso kuseri kwa batire ndi carbon, zinthu zomwe zimatchinga mafunde. Ndege itafika kutali n'kutembenuka kuti izibwera kwa ine, basi, zala zanga zinangotsala zikuvina pachabe.

Chinandipulumutsa ndi failsafe, dongosolo louza ndege chochita ikasiya kumva rimoti. Ndinali nditaitchera kuti uthenga ukaduka mota izime, moti ndegeyo inatsika yokha mwakachetechete m'malo mothamangira kunyumba za anthu pulopela ikuzungulira.

Pano ndakonza chonchi. Risiva ndaisunthira kumbuyo kwa phiko, kutali ndi ESC komanso mawaya onenepa a batire, ndaimata ndi Velcro pakhoma la mkati. Eriyelo imodzi ndaitulutsira pansi, yaloza kunthaka; inayo yatulukira m'mbali, yagona mopingasa. Pakati pawo pali madigiri 90. Kuti zisapindike ndazilowetsa m'timapaipi tomwera zakumwa, tomwe ndinadula n'kumata ndi guluu. Mkazi wanga akuti ndegeyo tsopano yamera ndevu.

Kulumikiza mawaya sikuvuta, bola kuyang'anitsitsa. Waya wa sevo uli ndi mitundu itatu: wakuda kapena wabulauni ndi negativi, wofiira wapakati ndi wa moto, woyera kapena waolenji ndi wa uthenga. Pa risiva ya FlySky, polowetsa waya (tchanelo) 1 ndi pa ma aileron (zopendeketsa ndege za kumapiko), 2 pa elevator (yokweza ndi kutsitsa mphuno), 3 pa mota, 4 pa rudder (yokhotetsa ya kumchira). Mnzanga wina yemwe anazolowera marimoti a Spektrum anandisokonezapo tsiku lina, poti kwawoko mota imakhala pa tchanelo 1. Moto wa risiva umachokera ku ESC, mavoti 5, kudzera pa waya womwewo wa tchanelo 3, choncho batire yachiwiri siyofunika pakandege kotere.

Pulopela muzichotsa pochita zonsezi, chonde. Mota yamagetsi siichenjeza ngati injini ya mafuta, imangodzuka. Chala changa chapakati chili ndi chipsera cha chaka chatha. Ndipo rimoti ndiyo iyambe kuyatsidwa, batire ya ndege pambuyo. Pozimitsa muyambe ndi ndege.

Dzulo madzulo tinapita kubwalo la mpira ndi mwana wa mchemwali wanga kukayesa ngati risiva ikumva bwino. Iye ananyamula ndege, ine ndinatenga rimoti n'kubwerera m'mbuyo mapazi 30, n'kumamuuza kuti aziitembenuza: mphuno kwa ine, mchira kwa ine, chagada, cham'mbali, mota ikulira. Masevo anayankha mbali zonse osadodoma. Mayeso amenewa ndi omwe ndinawadumpha poyamba paja chifukwa dzuwa linkalowa ndipo ndinali ndi phuma.

Mphuno ndaimata, yapindikira pang'ono kumanzere. Mwini munda uja ndinamulipira mapesi anayi omwe ndinathyola, ndipo wandiuza kuti Loweruka abwera kudzaonerera.