Lachitatu: Mabowo Ayamba Kuoneka m'Chimbale

Lero ndinalawirira ku ofesi chifukwa usiku wonse mtima unali pa ntchito imene ndinaisiya ikuyenda pa makompyuta akuluakulu a kuyunivesite. Ndikuyerekezera mlalang'amba wophwatalala ngati chimbale, wofanana ndi Milky Way wathuyu, ndi pulogalamu ya RAMSES, imene imagawa mlengalenga m'timabokosi n'kumawerengera mmene mpweya ukuyendera kuchoka m'kabokosi kena kulowa m'kanzake.

Sabata yonse yathayi zinthu zinkakanika. Mphamvu yokoka inkaunjika mpweya wozizira m'zibuma, zibumazo n'kusanduka nyenyezi mothamanga kwambiri, chonsecho Milky Way weniweni pa chaka amangobala nyenyezi zolemera ngati Dzuwa limodzi kapena awiri. Chimene chinkandipweteka mutu n'chakuti kuphulika kwa nyenyezi, kumene timati supernova, komwe kumayenera kumwaza mpweyawo kuti nyenyezi zisabadwe mothamanga chonchi, ndinali nditakuikamo kale. Nyenyezi yolemera kuposa Dzuwa maulendo 8 sipitirira zaka pafupifupi 40 miliyoni isanaphulike, ndipo mpweya wolemera ngati madzuwa 100 ukasanduka nyenyezi, kawirikawiri pamapezeka imodzi yotere. Mphamvu ya kuphulikako ndinkaithira ngati kutentha m'kabokosi kamodzi, koma kabokosiko n'kakakulu ndipo muli mpweya wambiri, moti zinali ngati kuponya khala limodzi lamoto m'ndowa yodzaza madzi. Mpweyawo sunkatentha mokwanira, ndiye mphamvu yonse inkasanduka kuwala n'kuthawa mpweyawo usanakankhe chilichonse. Katswiri wa zakuthambo Neal Katz anakumana ndi vuto lomweli mu 1992, ndipo mpaka pano aliyense wogwira ntchitoyi ayenera kulimbana nalo.

Dzulo ndinasintha njira, kuti pamene timabokosi takula kwambiri, kuphulikako kuzikankha mpweya wa m'mbali mwachindunji.

Nditatsegula zithunzi m'mawa uno ndinangoti kakasi. Chimbale chimene chinali zibuma zokhazokha tsopano chili ndi mabowo ngati chisa cha njuchi, ndipo m'mphepete mwa mabowo ena, mmene mpweya wokankhidwa waunjikana, mwayamba kubadwa nyenyezi zatsopano. Ndinaitana mnzanga wa tebulo loyandikana nalo kuti, "Achimwene, tabwerani mudzaone," ndipo iwo anandiuza kuti nditembenuze chithunzicho tichione cham'mbali. Apo m'pamene tinaona mpweya wotentha ukutumphuka pamwamba ndi pansi pa chimbale, wina n'kuzizira n'kugweranso ngati madzi a kasupe, monga momwe akatswiri a zakuthambo Shapiro ndi Field anafotokozera mu 1976. Chimandikhudza mtima n'chakuti mabowo otere si a pa kompyuta pokha, pakuti Dzuwa lathu lili m'kati mwa bowo lotchedwa Local Bubble, limene kuwala kumatenga zaka pafupifupi 1000 kuti kulidutse, ndipo linakumbidwa ndi nyenyezi zimene zinayamba kuphulika zaka pafupifupi 14 miliyoni zapitazo.

Masana ndinayerekeza kuchuluka kwa mpweya ndi liwiro la kubadwa kwa nyenyezi, ndipo zotsatira zayandikira zimene katswiri wina, Robert Kennicutt, anapeza mu 1998 atapima milalang'amba yeniyeni. Komabe sindikufuna kusangalala msanga, chifukwa kugwirizana kotere kukhoza kuchokera pa manambala amene ndinasankha ndekha. Ndisanaweruke ndachepetsa kukula kwa timabokosi ndi theka n'kuyambitsanso ntchitoyo, ndipo ikatha ndidzayamba ndi kuona ngati mabowo aja adakalipo.