Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Foni m'chitini

Paja tinalekezera nditapeza ntchito yogulitsa mbewu ndi feteleza pa shopu ina pa Santhe. Munali mu 2017, chaka chija magetsi ankangozimazima mpaka tsiku lathunthu, ndipo ndi chaka chomwecho chimene ndinagula foni yanga yoyamba ya tachi.

Kuti mumvetse bwino, ine ndinakulira pa wailesi. Kwathu kwa Chamama bambo ankatsegula MBC Radio 1 nthawi ya nkhani ndi ya sewero basi, ikatha ankachotsa mabatire mawa lake nkuwayanika padzuwa kuti akhalitse. Ndiye anthu a m'sewero aja nkhope zawo umaumba wekha m'mutu, ndipo tikamasoka fodya m'chigafa ine ndi achemwali tinkapitiriza nkhaniyo pomwe yathera, mpaka kukangana kuti wakuba mbuzi uja agwidwe kapena athawire ku Zambia. Kulemba kwanga kunachokera pamenepo.

Foni itabwera ndinalowa m'magulu a alakatuli pa WhatsApp ndi pa Facebook, anthu aluso ndithu sindikunyoza ayi, koma tonse tinkawerengana usana ndi usiku mpaka ndakatulo zathu zinayamba kufanana, mtima wosweka, misozi, duwa langa, yomweyomweyo. Mutu unkadzadza ndisanagwire nkomwe bolopeni.

Ndiye ndinadziikira malamulo ndekha. Bandulo kugula Loweruka lokha. M'mawa foni kulowa m'chitini cha shuga mpaka 12 koloko. Ndakatulo isapyole tsamba limodzi la kope, komanso musapezeke liwu loti agogo anga sangalimve. Anzanga ankati amwene mwayamba tchalitchi chanji, ena mpaka kukwiya kuti sindikuyankha mameseji.

La tsamba limodzi ndi lomwe linandikhaulitsa. Ukafika mzere wotsiriza nkhani isanathe umabwerera kumtunda kukafufuta, ndipo ukaona bwino zomwe ukufufutazo ndi zokometsera zomwe unatola kwa ena, zako zenizeni zimatsala. La foni lija linanditsegula makutu. Pa kauntala m'mawa m'manja muli mopanda kanthu ndinayamba kumva anthu. Tsiku lina bambo wina wachikulire anafika atamanga ndalama pa kansalu, anawerenga kawiri akunyowetsa chala ndi malovu, sizinakwane thumba la Urea, anangoseka nkunena kuti "mwana wanga, fodya timalima ndife koma amasuta ndi angongole." Atangotuluka ndinalemba mawuwo kuseri kwa lisiti, usiku ndinakhala nawo pa nyali mpaka tsamba kudzadza. Zoterezi sungazipeze pa intaneti, ndipo foni ikanakhala m'manja bwenzi zitandidutsa.

Malamulo awiri ndimasungabe mpaka lero, la chitini ndi la tsamba. La bandulo linafa nditasintha ntchito nkusamukira pa boma pa Kasungu, nkhani yake ndikuuzani gawo likubwerali pamodzi ndi ya tsiku lomwe ndinalakatula koyamba pamaso pa anthu.