Kuthokoza onse amene anathandiza kuti MGB ya malemu bambo anga iyendenso

Loweruka lapitali galimoto ya malemu bambo anga, MGB ya chaka cha 1966, inanyamuka pakhomo pathu ku Area 47 n'kukafika ku Dedza ndi kubwerako popanda vuto lililonse panjira. Popeza ntchito yoidzutsa yatenga zaka zinayi ndipo yadutsa m'manja mwa anthu ambiri, ndaona kuti n'koyenera kuwathokoza pagulu.

Amene munkabwera kwathu mukuikumbukira ili pansi pa mtengo wa mango, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pampando. Bambo anaiimika pamenepo atayamba kudwala, ndipo mvula ya zaka zambiri inkalowera pa denga lake lansalu lomwe linali litang'ambika. Galimoto za mtunduwu, zomwe zinkapangidwa ku Abingdon ku England kuyambira 1962 mpaka 1980, zilibe chasisi chapadera, choncho mphamvu yake yaikulu ili m'zitsulo za m'munsi mwa zitseko, ndipo dzimbiri linali litadya pomwepo. Ndiyambe ndi inu bambo owotcherera a ku Biwi. Munadula ponse powola, mukuyamba mwajambula chigamba chilichonse pa katoni musanachidule pa chitsulo, ndipo mukawotcherera pang'ono munkatseka chitseko n'kuyendetsa chala m'mphepete mwake kuti muone ngati thupi lapindika. Lero zitseko zonse ziwiri zimatsekeka ndi dzanja limodzi. Ambuye akudalitseni.

Anthu ambiri ondifunira zabwino ankandilangiza kuti ndichotse injini yakaleyo ndiikemo ya Toyota, popeza zipangizo zake sizisowa mu Lilongwe muno. Ine ndinatsala pang'ono kuvomera, koma inu amakanika athu achikulire munakana. Munathira oyilo m'mabowo a mapulagi, n'kudikira masabata awiri, kenako munaipukusa ndi sipanala pang'onopang'ono mpaka inamasuka. Sindidzaiwala tsiku limene munkalinganiza makabuleta ake awiri a mtundu wa SU, omwe amasakaniza mafuta ndi mpweya, mutagwira kapaipi, mbali imodzi pakhutu, inayo pakamwa pa kabuleta, kumvetsera mpweya ukulowa kufikira onse awiri atamveka mofanana. Injini ya 1798cc imene bambo ankaidziwa kulira kwake ndi yomwe ilimo, chifukwa cha kuleza mtima kwanu.

Tinagwirizana kusintha zokhazo zimene zikanandisiya panjira. Mabatire awiri a 6V amene ankakhala kumbuyo kwa mipando tinawachotsa n'kuika imodzi ya 12V. Dayinamo yotchajira batire inalowedwa m'malo ndi alternator, mapointi otumiza moto ku mapulagi tinawasiya n'kuika chipangizo chamakono cha electronic ignition, ndipo tinawonjezera fani yamagetsi chifukwa kutentha kwa mwezi wa Okutobala pamzere wa galimoto wa m'tauni kumawiritsa madzi msanga. Tinaikamo malamba atsopano, mabuleki tinawakonza onse. Chiwongolero, mawotchi a kutsogolo ndi mabampala onyezimira sitinakhudze. Kwa ine kukoma kwa galimoto yotere kuli pomwepa: imalira m'mawa ukangoiyatsa, koma ukakhala pansi penipeni manja ali pa chiwongolero chopyapyala, umakhala m'galimoto ya bambo ako, osati ina yongofanana nayo. Zonse zimene tinachotsa ndazisunga m'bokosi kuti amene adzaitenge pambuyo panga adzathe kuzibwezera akadzafuna.

Alamu anga a ku Johannesburg, munanyamula magasiketi, mapaipi a mabuleki ndi pampu ya mafuta m'chikwama chanu maulendo atatu, panthawi imene ndalama zakunja zinkavuta kupeza, ndipo simunandiwerengere. Inunso achimwene osoka masofa ku Mchesi, munali musanasokepo denga la galimoto, koma munayala lakalelo pansi, n'kulisula msoko ndi msoko, ndipo latsopanoli limapindika bwino ndiponso silidontha. Mayi a kunyumba, munapirira miyezi imene ndalama ya ndiwo inkachepa chifukwa cha penti, ndipo tsiku limene galimoto inalephera koyamba COF, mayeso oona ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu, chifukwa cha nyali, ndinu amene munandiuza kuti ndibwererenso mawa lake.

Pa ulendo wa Loweruka ndinatenga amayi anga. Titadutsa Nathenje tinatsitsa denga, iwo anamanga duku lawo molimba, ndipo tinkayenda mosathamanga, mphepo yozizira ya ku Linthipe ikutiwomba kumaso, fungo la utsi wa m'minda likutipeza tisanauone n'komwe. Ana a m'mbali mwa msewu ankatiimikira manja. Phiri la Dedza litaonekera, amayi anatsegula kabokosi ka kutsogolo kwawo n'kuikamo chithunzi cha bambo chimene anabwera nacho m'kachikwama, ndipo anandiuza kuti chizikhala mmenemo.