Kusandutsa maselo a m'diso kuti azigwira kuwala: pomwe ntchitoyi yafika

Kumbuyo kwa diso, m'kati, kuli kachikopa kopyapyala kotchedwa retina. M'menemo muli maselo ogwira kuwala: a rod, pafupifupi 120 miliyoni, oonera kukachita mdima, ndi a cone, pafupifupi 6 miliyoni, osiyanitsira mitundu masana. Akafa, thupi silipanganso ena. Nthenda yakumtundu ya retinitis pigmentosa imayamba ndi a rod: munthu amapunthwa dzuwa likangolowa, kenako amaona ngati akusuzumira m'paipi.

Kansomba ka ku India kotchedwa zebrafish, kochepa ngati matemba, kamachira pa vuto lomweli. Mu retina muli maselo ena a Müller, oima ngati mizati, odyetsa anzawo ndi kuchotsa zinyalala. Diso la kansombaka likavulala, a Müller amagawikana n'kubala maselo oonera atsopano. Mwa munthu ndi mbewa amangopanga chipsera. Ofufuza akufuna kudzutsa luso limeneli.

Mu 2018 gulu la Bo Chen ku Mount Sinai, New York, linayesa pa mbewa zobadwa zosaona (za m'labotale, osati zapani zapamsewu zija). Poyamba anabaya m'diso kachilombo kosadwalitsa ka AAV, konyamula jini (malangizo ouza selo zochita) ya beta-catenin, kuti a Müller agawikane. Anadikira milungu iwiri, n'kubayanso majini atatu, Otx2, Crx ndi Nrl, amene amauza selo kuti likhale rod. Amayamba ndi kugawikana chifukwa ukasandutsa a Müller asanaswane, wazula mzati wa nyumba kuti upangire zenera. Ofufuzawo anati atawalitsa m'maso mwa mbewazo, mbali ya ubongo yoonera inayankha.

Chaka cha 2017, gulu la Thomas Reh ku University of Washington linagwiritsa ntchito jini ya Ascl1, yomwe kansomba kaja kamadalira. Pa mbewa zazikulu payokha sinkagwira, mpaka ataphatikiza mankhwala a trichostatin A omasula DNA yomwe yamangika ndi ukalamba wa selo. Koma ambiri mwa maselo otulukawo anali opatsira uthenga, osati ogwira kuwala.

Povuta penipeni ndi pa umboni. Kachilombo kaja kamanyamulanso utoto wowala woti uyake mwa a Müller okha, kuti selo loonera likapezeka ndi utotowo anene kuti lachokera kwa Müller. Tsoka ilo utoto umadontheranso mu maselo akalekale. Zili ngati wapaka penti ng'ombe zako ku msika wa Ngabu, zakhudzana ndi za mnzako, iwe n'kumawerenga zonse zapenti kuti zaswana. Mu 2020 ena analengeza kuti kuzimitsa jini ya Ptbp1 kumasandutsa a Müller kukhala maselo a mtsempha wa diso. Mu 2022 gulu la Seth Blackshaw ku Johns Hopkins linabwereza ndi mbewa zomwe a Müller ake anali ndi chizindikiro chosafufutika, ndipo silinapeze kusinthako. Ndiye nkhani iliyonse yotere ifunsidwe kaye kuti maselowo anawalondola bwanji.

Mavuto ena: selo latsopano liyenera kulumikizana bwino ndi anzake, kugawikana kopanda malire kungabale chotupa, ndipo diso la mbewa lilibe kadera kapakati komwe ife timawerengera zilembo.

Kuno ku Chikwawa ndi Nsanje tisasokoneze matenda. Njirayi si mankhwala amene alipo m'chipatala, ndipo ngakhale idzatheke, sidzathandiza khungu lililonse. Trachoma, yomwe WHO inatsimikiza mu 2022 kuti yasiya kukhala vuto lalikulu m'Malawi, imakanda galasi lakutsogolo nsidze zikapindikira m'kati. Glaucoma imapha mtsempha wopita ku ubongo. Ng'ala ndi kagalasi ka m'kati mwa diso kakachita chifunga pomwe retina ili bwinobwino. Opaleshoni yake nthawi zambiri sikwana ola, amachotsa kagalasiko n'kuika kapulasitiki, monga amachitira ku Lions Sight First, pa Queens ku Blantyre.

Amene diso lake likuoneka lopanda chifunga koma saona kukada, apemphe kuti amudonthezere mankhwala otukula kamwanadiso n'kuunika retina. Kwa ana ndi amayi oyembekezera, chizindikiro chomwechi chimabweranso ndi kuchepa kwa vitamini A, ndipo chimenecho chimachizika. Odwala shuga aziunikitsa retina kamodzi pachaka, ngakhale akuona bwino.