Phiri limodzi, madzi olowera kuwiri

Ndinakulira m'munsi mwa phiri la Mulanje kufupi ndi Chitakale, koma kwawo kwa amayi anga ndi ku Phalombe, kuseri kwa phiri lomweli. Ndili mwana ndinkadabwa kuona tiyi akubiriwira chaka chonse kwathu kuno, pomwe kwa agogo chimanga chinkafota mvula ikangodula masabata awiri. Ndinazimvetsa nditakula, nditazindikira kuti phirili ndilo limagawa mvula ndi mitsinje ya dera lonseli.

Akatswiri a za miyala amati zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo mwala wosungunuka unakwera kuchokera pansi n'kuzizirira m'kati mwa nthaka osatulukira kunja. Miyala yofewa yomwe inaukwirira inaperepeseka pang'onopang'ono, ndipo chinatsala ndi chithanthwe cholimbachi, chomwe nsonga yake, Sapitwa, ili pa mamita 3,002. Mphepo yachinyezi yochokera kunyanja yamchere ikagunda mbali ya kummwera, imakwera n'kuzizira, kenako n'kugwetsa mvula yamawawa ija timati chiperoni, dzina lochokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Mvula imeneyi ndiyo inakhazikitsa tiyi kuno kuyambira cha m'ma 1890, ndipo ikamafika kuseri kwa agogo imakhala itatheratu mphamvu.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi ulendo wa madziwo akatsika. Mtsinje wa Ruo, womwe umalemba malire athu ndi Mozambique, umalandira Thuchila n'kukathira mu Shire pa Chiromo, ndipo kuchoka apo madzi amakalowa mu Zambezi mpaka kunyanja yamchere. Koma Phalombe ndi Sombani imadutsa m'chidikha n'kukathera m'nyanja ya Chilwa, yomwe ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Kumeneko madzi amachoka pouma ndi dzuwa basi, n'chifukwa chake amamveka kamchere pakamwa, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana nyanjayo imaphwa, monga zinachitikira mu 1968 ndi mu 1995. Amalume anga, omwe ankapha matemba, amasimbabe momwe anayendera wapansi pamatope ong'ambika, pamalo pomwe ankaponyapo ukonde, bwato lawo litagona chafufumimba pambali.

Tanthauzo lake n'lakuti dothi lokokolokera m'mitsinje ya Phalombe ndi Sombani lilibe kolowera kwina. Tikadula mitengo m'mapiri, nthaka yathu imakaunjikana m'nyanja yosaya kale ija, ndipo nkhani imeneyi sitiikamba mokwanira. Napolo wa mu Malichi 1991, yemwe anatsika m'phiri la Michesi n'kuwononga Phalombe, anationetsa mphamvu ya madzi a m'phiri, ndipo namondwe wa Freddy anabwerezanso mu 2023. Nditapita kukaona abale pambuyo pa namondweyo, ndinapeza dimba la agogo litakwiririka ndi mchenga wofika m'mawondo, pakati pake patakhala mwala waukulu ngati nkhokwe, ndipo m'mwamba zipsera zoyera za mogumuka zinali mbee pa nkhope ya phiri.