Parachuti yanga ikufika zaka 20 isanatsegukepo m'mwamba

Parachuti imene ndimabereka ndikamauluka m'ndege yopanda injini, yomwe imadziwika kuti glider, yatsala pang'ono kukwanitsa zaka 20 chiipangireni, koma sinatambasukepo m'mwamba ngakhale kamodzi. Ntchito imene yagwira zaka zonsezi ndi yokhala chotsamira changa ndi kumwa thukuta la kumsana kwanga. Nditapita nayo kwa katswiri wopinda maparachuti, amene oyendetsa ndege timamutcha rigger, iye anayamba wawerenga tsiku limene inapangidwa asanamasule chilichonse.

Za kupinda kwenikweniko palibe mkangano waukulu. Ku America lamulo la FAA, bungwe la boma loona za kayendedwe ka ndege, limati parachuti ya nayiloni ikhale itamasulidwa, kuunikidwa ndi kupindidwanso m'masiku 180 apitawo, ndipo chaka cha 2008 chisanathe malirewo anali masiku 120. Ya silika imangopatsidwa masiku 60. Ku Ulaya ambiri amatsata zimene kampani yopanga inalemba m'buku la parachutiyo.

Katswiriyo anandiuza kuti ndiivale n'kukoka ndekha chogwirira chachitsulo chotsegulira parachutiyo, chimene sichiyenera kufuna mphamvu yopitirira mapaundi 22, pafupifupi makilogalamu 10. Kaparachuti kakang'ono ka sipuling'i kamene kamakoka parachuti yaikuluyo kanafwamphuka bwino n'kukagwera kutali, ine mtima n'kukhala pansi. Koma atayala zingwe patebulo lake lalitali, tinapeza kuti timphira tomangira zingwezo tauma, tiwiri tamatirira ku zingwe, ndipo kena kanaduka atangokakhudza ndi chala. Ndinachita manyazi, chifukwa ndinadziwa kuti ndi ine ndinkaisiya m'ngolo yonyamulira ndege masiku otentha. Zoterezi sizioneka chikwama cha parachuti chili chotseka, n'chifukwa chake amachimasula ngakhale kunja chikuoneka chatsopano.

Pamene anthu amasiyana maganizo ndi pa zaka. Makampani ambiri amati parachuti ipume ikafika zaka 20, ena a ku Ulaya amati 15, pamene ena sanaike malire ndipo amasiya chigamulo m'manja mwa wounika. Eni maparachuti akale amadandaula kuti malirewa ndi njira yogulitsira katundu watsopano, ndipo sindinganene kuti dandaulolo n'lopanda pake, pakuti nayiloni sikalamba motsatira kalendala. Chimene chimaifooketsa ndi dzuwa, kutentha, chinyontho ndiponso asidi wa mubatire, moti parachuti ya zaka 8 imene imasiyidwa pampando wa ndege dzuwa likuswa mtengo ikhoza kukhala yofooka kuposa ya zaka 25 yosungidwa pamalo ouma ndi amdima. M'zaka za m'ma 1980 kunapezekanso maparachuti ena amene ukonde wake wotulutsira mpweya unali ndi asidi amene ankadya nsalu yogundana nawo chikwama chili chipindire, ngakhale sanali akale.

N'chifukwa chake ndimakhulupirira kwambiri zimene nsaluyo ikuonetsa kuposa tsiku lolembedwa. Katswiriyo anaipana ndi zopanira ziwiri, n'kuikoka ndi sikelo mpaka mapaundi 40 kwa masekondi 3, ndipo sinang'ambike. Komabe kuyesa kumeneku kumangonena za kachigawo kamene kakokedwako, osati nsalu yonse, ulusi wosokera kapena malamba amene akhala akukhuzika paphewa zaka zonsezi. Pali chinanso chimene eni ake sakonda kuchitchula: parachuti inapangidwira kulemera ndi liwiro lakutilakuti, pamene mwini wake amene anaigula ali wochepa thupi mwina tsopano wanenepa.

Anaika timphira tatsopano, anapinda, anamanga kaulusi kofiira ndi kachidindo kake ka mtovu, kenako anasaina pakakhadi kamene kamakhala m'kathumba ka chikwamacho. Pondipatsa anandiuza mwaulemu kuti ikadzadutsa zaka 20 iye sadzaipindanso, kaya lamulo likulola kapena ayi, popeza dzina lolembedwa pakhadilo ndi lake. Sindinatsutse, ngakhale ndikuona kuti nsaluyo ikadali ndi mphamvu. Ndayamba kusunga ndalama za ina, ndipo iyi tsopano imagona m'kabati ya m'nyumba, osatinso m'ngolo.